Ndinati Katemera Adikire Mpunga

Anthu akamakumbuka chaka cha kolona amayamba ndi masiki, zidebe za madzi pakhomo la tchalitchi ndi masukulu otsekedwa. Ine ayi. Ine ndimayamba ndi mpunga, chifukwa ndi mpunga umene ndinauza amuna anga kuti adikire, ndipo anadikiradi. Dzina lawo anali a Damiyano, bambo a Tadala. Ine ndine Nachisale, timakhala kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Bwanje, ndipo ndine wa pakamwa, sindikana. Pa zaka zonse zimene tinakhala m'banja, mikangano imene anapambana iwo siikwana zala za dzanja limodzi. Mkangano wa chaka chimenecho ndi umene ndimalakalaka akanapambana.

NOVEMBALA

Tinalowa m'dzinja njala ili kale pakhonde. Mpunga wa nyengo yapitayo tinakolola bwino ndithu, koma mavenda a m'tauni sanabwere monga mwa kale, ati akuopa matenda. Awiri atatu amene anabwerawo anatigula ngati akugula gaga. Tinagulitsa tikudziwa kuti tikuberedwa, nanga tikanatani? Bambo a Tadala anali ndi matenda a shuga, ndipo munthu wa shuga sungamusunge ndi mawu okha. Tadala, mwana wathu mmodzi yekha amene anatsala, anali ku Joni, ntchito itamuthera. Foni yake ikalira inkakhala yopepesa basi.

Dzuwa la kuno ku chigwa mukulidziwa, limawotcha mpaka mapazi a nkhuku. Tinkapita ku poloti yathu m'mawa kukagalauza, pobwera n'kutola mango aawisi n'kuphika. Amuna anga ankadya mangowo, akatha n'kunena kuti, "Akoma ndithu, mayi a Tadala."

"Bodza limenelo," ndinkawayankha. "Munthu wamkulu ngati inu kumanama chifukwa cha mango!"

Iwo ankangoseka. Anali munthu wotero.

DISEMBALA NDI JANUWALE

Mvula inabwera bwino poyamba. Tinabzala chimanga ku munda wa kumtunda, tinafesanso nazale ya Kilombero m'mbali mwa ngalande. Mbande zinamera zobiriwira, zokongola, mpaka anthu odutsa ankaima n'kumayamikira. Ndiye Chaka Chatsopano chitangodutsa, kumapiri a Dedza kunagwa chimvula masiku atatu, madzi anasefukira m'ngalande n'kukokolola nazale yonse. Titafika tinapeza mchenga wokhawokha. Ndinatukwana mtsinje, ndinatukwana mitambo, ndinatukwananso amuna anga amene anasankha malowo. Iwo anangovula chipewa n'kunena kuti tifesenso.

Mbewu ina tinaipeza mochedwa, Januwale akupita kumapeto. Aliyense wolima mpunga akudziwa tanthauzo lake: anzathu adzakolola mu Meyi, ife mpaka Juni. Ku munda wa kumtunda nako mbozi zinalowa m'chimanga, masamba onse anachita mabowomabowo. Ndinathira phulusa, ndinathira dothi pamtima pa phesi lililonse, koma sizinamve.

Mwezi womwewo wailesi inayamba kulengeza maliro a anthu akuluakulu a m'tauni, lero uyu, mawa uyo. Mandimu anasowa pamsika wa Golomoti, ndimu limodzi linkagulidwa ngati dzira. Mitengo ya bulugama inatha masamba chifukwa aliyense ankadzifukiza. Kenaka panamveka kuti kukubwera katemera, ndipo mphekesera zinafika m'mudzi katemerayo asanakwere n'komwe ndege. A Nangondo, anzanga oyandikana nawo nyumba, ndiwo anali wailesi yathu ya zimenezo.

"Nachisale, mwamva? Ati ukabayitsa sudzaberekanso."

"Inu a Nangondo, pa msinkhu wanuwu mukufuna kubereka ndani?"

"Ati pakatha zaka ziwiri onse obayitsa adzafa. Ati muli chizindikiro cha chilombo."

"Chilombo chake chikufuna chiyani kwa anthu odya mango aawisi?"

Ndinkawaseka mpaka misozi. Ndinkadziona ngati wanzeru ine, woti sindingapusitsidwe ndi nkhani za pamjigo.

FEBULUWALE

Uwu ndiwo mwezi umene njala inatikhala pakhosi. Chimanga pamsika chinkakwera sabata ndi sabata, ndipo ogulitsa anasiya kuyeza ndi chidebe, anayamba kuyeza ndi timbale. Ife tinkagula gaga. Ndinkapita kukagwira ganyu yowokera m'mapoloti a anzathu, msana chowerama m'madzi tsiku lonse, malipiro ake kambale ka ufa. Tinkadya kamodzi, madzulo, phala la gaga ndi bonongwe wopanda mchere wokwanira. Amuna anga malaya anayamba kuwakulira, lamba anaboola bowo lina ndi msomali.

Kumapeto kwa mwezi mbande zathu zinakula, tinayamba kuwokera poloti yathu. Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, ndinamva phwaa kumbuyo kwanga. Kucheuka, ndi bambo a Tadala agwa chafufumimba m'matope. Ndinawatembenuza, thukuta lili chuchuchu, maso atatembenuka, manja akunjenjemera. Ndinakuwa mpaka sikimu yonse inamva. A Nangondo anathamanga ndi kachidutswa ka nzimbe, anatafuna okha n'kuwafinyira madzi ake m'kamwa. Patapita kanthawi anatsegula maso n'kufunsa kuti, "Mzere uja ndamaliza?"

Madzulo ake kunabwera a Velonika, mchemwali wawo wamng'ono. A Velonika anaphunzira ku Mua Mishoni ndipo ndi alangizi a zaumoyo, aja amayenda panjinga m'midzi kuyeza ana sikelo. Atamva kuti achimwene awo anamwa piritsi la shuga m'mawa asanadye kanthu, anakalipa.

"Achimwene, mukufuna kufa? Mapiritsi awa samwera pamimba ya njala. Alamu, muziwapatsa kaye kanthu, ngakhale kaphala."

Mawu amenewo ndinawatola n'kuwasunga. Ndikanadziwa mmene ndidzawagwiritsire ntchito, bwenzi nditawasiya pomwepo.

MALICHI

Katemera anafika. A Velonika anabwera Loweruka m'mawa, masiki ili pakamwa, n'kukhala pampando patali pang'ono. Anati iwo abayitsa kale, ndipo anativulira mkono kuti tione. Anati akuyamba ndi okalamba ndi anthu a matenda monga shuga, chifukwa kolona akagwira anthu otere sachedwa nawo.

"Lachiwiri mubwere, achimwene. Mutenge buku lanu la kuchipatala."

"Ndibwera," anatero amuna anga. Sanachite kuganiza n'komwe.

Ine ndinalowererapo. Ndinati, "Sapita."

A Velonika anandiyang'ana. "Alamu, inunso mwayamba za a Nangondo?"

"Za a Nangondo ndi zopusa. Ine ndikunena za njala. Taonani munthuyu, nthiti zili pamtunda. Jekeseni imafuna thupi loti muli chakudya. Si inu nomwe munati mankhwala samwera pamimba ya njala?"

"Amenewo ndi mapiritsi a shuga, alamu. Katemera ndi nkhani ina. Alibe vuto ngakhale munthu adye kaphala kokha."

"Lero yakhala nkhani ina? Anagwa m'matope ndi kapiritsi kakang'onong'ono, ndiye jekeseni yathunthu iwatani?"

Koma chimene chinali mumtima mwanga sanali matope aja. Pa njala yaikulu ija ya 2002 tinali ndi mwana wamkazi, Malita, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anadwala malungo titatha masiku awiri osadya. Tinachedwa naye kunyumba, ndipo pamene ndinkafika naye kuchipatala anali atayamba kale kukomoka. Anamubaya jekeseni, ndipo dzuwa lisanalowe anandifera pamiyendo. Madokotala anati ndi malungo a mu ubongo. Amayi anga, potuluka pageti, anandinong'oneza kuti, "Jekeseni pamimba yopanda kanthu imapha." Mawu amenewo anamera mwa ine. Zaka zonsezi palibe anawazula, chifukwa sindinawauzepo munthu.

Loweruka limenelo ndinawanena. Ndinaimirira pakati pa bwalo n'kukuwa kuti, "Munanditengera Malita ndi jekeseni ya pa njala, awa simunditengera!" A Velonika anagwetsa nkhope. Anayesa kunena kuti Malita anapita ndi malungo, koma ine ndinali nditatseka makutu. Amuna anga ankangokanda pansi ndi kamtengo.

Alamu atapita ndinati, "Bambo a Tadala, sindikukukanizani. Ndikuti mudikire mpunga. Tikakolola mudye masiku atatu, thupi libwerere, ndiye mupite. Ndidzakuperekezani ndekha."

"Ndamva, mayi a Tadala."

Koma sindinawakhulupirire, ndinkadziwa kuti mchemwali wawo amamumvera. Lolemba, iwo ali ku poloti, ndinatenga buku lawo la kuchipatala n'kulibisa mumtsuko umene ndimasungira mbewu ya khobwe yosakaniza ndi phulusa. Lachiwiri m'mawa anafunafuna m'thumba la jekete, pansi pa mphasa, m'Baibulo. Ine ndinkasesa panja ngati sindikudziwa kanthu. Kenaka anatuluka, anatenga khasu n'kupita kumunda.

EPULO NDI MEYI

Chimanga cha kumtunda tinakolola madengu awiri, zitsononkho zake ngati zala. Maungu ndiwo anatithandiza. Mpunga unatulutsa ngala, ndipo ntchito inasanduka yoingitsa mbalame. Amuna anga anamanga zingwe poloti yonse n'kupachika zitini, ankakhala pachulu kuyambira m'mawa akukoka chingwe n'kumakuwa, "Haa! Haa!" Mawu awo ndinkawazindikira ndili kutali, pakati pa mawu a anthu onse a m'sikimu.

Nthawi imeneyo matenda anachita ngati azilala. Masiki anthu anayamba kumangira ndalama ndi fodya. A Velonika anabweranso kawiri. Ulendo wachiwiri anati tsopano aliyense wamkulu akubayitsa, buku silikufunikanso, ndipo anthu sakubwera, mabotolo akungokhala.

"Ndiye mwaona," ndinatero ine. "Akungokhala. Atidikira."

"Alamu, zinthu izi sizikhalitsa. Achimwene, inu mukuti bwanji?"

Amuna anga anandiyang'ana ine kaye, kenaka anati, "Mpunga watsala pang'ono, Velonika. Tidikire."

A Velonika anakwera njinga osatsanzika. Ine ndinamva kukoma kuti ndapambana. Mu Meyi anzathu anayamba kumweta, fungo la Kilombero linadzaza mudzi wonse, ndipo mbalame zonse zothawa m'mapoloti okololedwa zinasamukira kwa ife.

JUNI

Tinamweta pakati pa mwezi. Mpunga unachita bwino chaka chimenecho, zoona, ngati ukupepesa. Tinapuntha, ndinapeta, matumba anadzaza chipinda cha Tadala. Woyamba ndinasinja ndekha mumtondo, sindinafune kudikira chigayo. Ndinapha nkhuku. Masiku atatu ndinawadyetsa amuna anga monga ndinalonjezera, m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka anati, "Mayi a Tadala, mukundinenepetsa kuti mukandigulitse?"

Tsiku lachinayi ndinatulutsa buku lija, ndinalipukuta phulusa n'kunena kuti ndalipeza kuseri kwa kabati. Analandira osafunsa kanthu. Anavala malaya awo oyera a ku tchalitchi, ine ndinakhala pakaliyala, tinapalasa mpaka kuchipatala.

Pabenchi panalibe mzere. Namwino anatiuza kuti katemera anatha, osati pano pokha, dziko lonse. Wina abwera, koma tsiku sakulidziwa. Tinapita kwa a Velonika, tinawapeza akutsuka sikelo. Sanatikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, "Akangofika ndidzabwera ndekha kudzakutengani. Pakadali pano musamapite m'magulu, achimwene."

Pobwerera ndinayankhula njira yonse, kunyoza boma, kunyoza azungu otumiza zinthu zoperewera. Amuna anga ankangopalasa.

JULAYE

Kunazizira chaka chimenecho, mphepo ya mwera inkalowa mpaka m'mafupa. Matenda anabwerera, ndipo ulendo uno sanali a m'tauni okha. Ku Mtakataka kunagwa maliro awiri sabata imodzi. Komwe amuna anga anawatenga sindikudziwa. Kapena kuchigayo, kapena kumsika wa Golomoti komwe anapita ndi thumba limodzi, kapena kwa ine ndemwe, chifukwa ndinakhala ndi kachimfine masiku awiri n'kuchira.

Anayamba ndi kutsokomola ndi kuphwanya thupi. Ndinawafukiza bulugama, ndinawaphikira mandimu. Tsiku lachitatu ndinawapatsa mpunga wa Kilombero wotentha, anaununkhiza n'kunena kuti, "Mwasintha mpunga? Uwu sukununkhira." Ndinadziwa pomwepo kuti ndi kolona. Tsiku lachisanu kuchoka pamphasa kufika pakhomo ankapuma kawiri. Ndinatuma uthenga kwa a Velonika, anati akubwera ndi galimoto.

Tikudikira galimotoyo masana, ndinawakhazika padzuwa atatsamira khoma. Ndinagwada pafupi nawo. Chinsinsi cha buku lija ndinalephera kuchisunga.

"Bambo a Tadala, buku lija silinagwere kuseri kwa kabati. Ndinalibisa ndine."

Anapuma kaye, mpweya ukuchita kulira pachifuwa. "Mumtsuko wa khobwe," anatero.

"Munadziwa?"

"Ndinaliona mu Epulo, pofuna mbewu ya kudimba. Ndinalibwezera momwemo."

"Nanga bwanji simunapite? Bwanji simunandimenye nalo kumaso n'kupita? Velonika anati buku silikufunika!"

"Ndikanapita, inu mukanadya? Mukanagona?" Anapumanso. "Tsiku lija pabwalo, nkhope yanu inali ya tsiku la Malita. Sindinafune kuionanso."

Ndinalira ngati mwana, ine Nachisale amene sindilira pamaso pa anthu. Iwo anandigwira pamutu n'kunena kuti, "Mpunga musagulitse msanga chaka chino. Mudikire mitengo ikwere."

Galimoto inafika. Kuchipatala sanandilole kulowa m'chipinda chimene anawagoneka. Ndinkawaona pawindo, atawavala chinthu cha mpweya kumaso. Masiku anayi ndinakhala pansi pa mtengo panja, ndikuphika phala limene linkabwerera osakhudzidwa. Lachisanu m'mawa a Velonika anatuluka, anavula masiki, ndipo ndinadziwa kuti amuna anga apita.

Sitinawasambitse. Sitinawaveke malaya oyera aja. Anabwera nawo atakulungidwa m'pulasitiki, anthu ovala zoyera mpaka kumutu ndiwo ananyamula, ndipo kuchoka pagalimoto anapita nawo molunjika kumanda. Nkhope yawo sindinaione. Munthu amene anakumba nawo manda a theka la mudzi uno, anaperekezedwa ndi anthu owerengeka ataima motalikirana ngati odana. Kwaya imene anaimbamo kuyambira unyamata inatumiza anthu atatu. Tadala analira pafoni, msewu wobwerera kwawo unalibe. Pasiwa sipanagone anthu. A Nangondo okha ndiwo anabwera n'kuyala chitenje pakhonde, anati, "Andimange ngati akufuna, mnzanga sindimusiya yekha."

Patangotha sabata imodzi ndi theka, wailesi inalengeza kuti katemera wina wafika.

OGASITI

A Velonika anali asanandiyankhule chiyambire maliro, kupatula moni. Ndinamva kwa anthu kuti Lachitatu adzabaya pasukulu ya pafupi ndi kwathu. Lachiwiri sindinadye chamasana, sindinadye chamadzulo. Lachitatu m'mawa sindinamwe ngakhale madzi. A Nangondo anandiona ndikutseka chitseko.

"Mukupita kuti m'mawa muno osasonkha moto?"

"Kukabayitsa."

"Mayo ine! Ndiye osadya? Si inu munkati..."

"Ndinkatero ndine."

Ndinayenda wapansi, njinga sindinaikhudze chichokereni eni ake. Ndinene zoona, chifukwa ndakalamba ndipo bodza landikwana. Sindinapite kuti ndidziteteze. Ndinkafuna ndigwe. Ndinkafuna jekeseniyo indigwetse pamaso pa a Velonika ndi pamaso pa mudzi wonse, kuti aone kuti ndinkanena zoona, kuti sindinawachedwetse amuna anga pachabe. Ngakhale kufa kumene ndikanalandira, bola ndife ndili wolondola.

Ulendo uno mzere unali wautali, maliro anali atawaphunzitsa anthu. Ndinaima padzuwa mpaka masana, m'mimba mukulira. Nditafika patebulo, wolemba mayina anali a Velonika. Anakweza maso.

"Mwadya, alamu?"

"Ayi. Chiyambire dzulo m'mawa."

Anandiyang'ana. Anamvetsa, ndinaona m'maso mwawo. Anatulutsa nthochi m'chikwama n'kuiika patebulo, ine ndinaikankhira kwa iwo. Iwo anangolemba dzina langa n'kuuza namwino kuti, "Awa ndi alamu anga."

Kunali ngati kulumidwa ndi nyerere. Anandiuza kuti ndikhale pabenchi kanthawi, ndinakhala. Ndinadikira chizungulire, sichinabwere. Ndinanyamuka n'kuyamba ulendo, ndikuyenda pang'onopang'ono kuti chindipeze panjira. Pamlambe wa pamphambano ndinakhala pansi n'kudikiranso. Anthu ankadutsa ndi matumba a mpunga panjinga n'kumandipatsa moni, ine n'kumayankha bwinobwino. Maso ankaona, miyendo inali ndi mphamvu. Mkono wokha ndiwo unalemera pang'ono.

Ndinafika kunyumba ndi miyendo yanga yomwe. Ndinatsegula chipinda cha Tadala, matumba a mpunga ali mbwee mpaka kudenga, fungo lake n'kundimenya kumaso. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira kuposa mmene ndinalirira kumanda, chifukwa kumanda ndinali ndikadali ndi chonamizira. Amuna anga akanatha kupita mu Malichi, ndi kaphala ka gaga m'mimba, n'kubwerera kudzaingitsa mbalame. Ndi Malita yemwe, anapita ndi malungo basi, monga madokotala anandiuzira.

Madzulo a Velonika anabwera kudzandiona. Anandipeza ndikadali pakhomo la chipindacho. Anandigwira pamphumi, anandiyang'ana mkono.

"Mukumva bwanji, alamu?"

"Ndili bwino," ndinatero. "Alamu, ndili bwinobwino."

Anakhala pansi pambali panga, tinatsamira matumba aja tonse awiri, ndipo palibe anasonkha moto.